Tindege ta ku Chileka sitiona masamba a maliro

Munthu wa ku Blantyre akafika podandaula za phokoso, dziwani kuti zamukwana. Ife tidakulira m'phokoso. Oyitanira minibasi ku Wenela ndi ku Limbe amayamba kukuwa kusanayere, chigayo chimalira tsiku lonse magetsi akakhalapo, mapemphero a usiku amakafika mbandakucha zokuzira mawu zitaloza kunja, ndipo pakakhala chinkhoswe mudzi wonse umagona mochedwa, woyitanidwa ndi wosayitanidwa yemwe. Zonsezi timapirira. N'chifukwa chake anzanga a m'tauni amaseka ndikawauza kuti kwathu kuno, mbali ya Chileka, anthu akhala akulimbana ndi eni tindege ting'onoting'ono timene timazungulira pamwamba pa nyumba zathu Loweruka ndi Lamulungu. Amati: "Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima. Mudagula poloti pafupi ndi bwalo la ndege, mumati muzidzamva chiyani?"

Amene amalankhula choncho sadakhaleko kuno. Ndege zikuluzikulu, zopita ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, palibe amene amazidandaula. Imabangula, malata anjenjemera pang'ono, ana aikweza manja, pakatha mphindi imodzi yalowa m'mitambo. N'zowerengeka pa tsiku ndipo nthawi yake timaidziwa. Kandege ka injini imodzi n'kosiyana chifukwa sikapita kulikonse. Kamanyamuka, kukhota, kubwerera motsata mbali ya msewu wa ndege, kukhotanso, kutsika mpaka matayala akhudze phula, kenaka woyendetsa awonjezera moto n'kunyamukanso osaima. Eni ake amati touch and go. Ulendo umodzi wozungulira umatenga mphindi zisanu kapena zisanu ndi imodzi, kutanthauza kuti pa ola limodzi kakudutsa padenga panu kakhumi kapena kuposa. Phokoso lake si lalikulu kwenikweni, minibasi yoboka ekizozi imaliposa. Chimene chimapweteka n'chakuti likamazilala mumadziwa kuti likubweranso, ngati udzudzu umene walowa mu neti: ngakhale utakhala chete, tulo sitibwera chifukwa khutu likudikira.

Kuzungulira kumeneku si masewera chabe, ndipo ndiyenera kuwachitira chilungamo pamenepa. Pa ntchito yonse yoyendetsa ndege, povuta kwambiri ndi potera, ndipo palibe njira ina yophunzirira kutera koma kutera kumene, mobwerezabwereza. Malamulo a ICAO, bungwe loyang'anira za ndege padziko lonse lomwe Malawi ndi membala wake, amafuna maola osachepera 40 m'mwamba munthu asanalandire laisensi yoyamba, ndipo gawo lalikulu la maola oyambirira limathera pa kuzungulira bwalo. Ngakhale amene ali nayo kale laisensi, kuti anyamule mnzake ayenera kukhala atanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawo. Kaputeni aliyense amene timamuombera m'manja ndege yaikulu ikatera bwino adayambira pa kandege kotere, kaya Cessna 152 kaya Cessna 172, akusowetsa mtendere anthu a mudzi wina wake.

Pali chinanso chomwe ambiri kuno tidachizindikira ndi makutu tisanauzidwe chifukwa chake: mwezi wa October tindegeti timadutsa pansi kwambiri kuposa mu June. Bwalo la Chileka lili pa mtunda wa mamita pafupifupi 780 kuchokera pa nyanja yamchere, komanso dera lino limatentha kuposa Limbe kapena Bvumbwe. Mpweya ukatentha umapepuka, injini imachepa mphamvu, mapiko sagwira bwino, ndiye kandege kamakwera mwaulesi. Pamene mu nyengo yozizira kakadakhala katakwera ndithu pofika pa nyumba zoyamba, mu October kamafika pamenepo kakadali kulimbana, injini itatsegulidwa yonse. Ndipo phokoso lambiri silichokera mu injini mokha, koma kunsonga za pulopela, zomwe ponyamuka zimathamanga kuyandikira liwiro la mawu. Nthawi yomweyo ndi imene ife tatsegula mawindo onse, ena tayala mphasa pakhonde chifukwa m'nyumba ya malata simukhalika.

Mkangano weniweni kwathu udabuka chifukwa cha maliro. Adamwalira mayi wina wachikulire m'mudzi woyandikana nafe, mwambo woika udali Loweruka masana. Aliyense wokulira m'Malawi amadziwa zomwe zimachitika: anyamata amathyola nthambi zamasamba n'kuyala pamsewu, uku ndi uku kwa nyumba ya siwa. Galimoto ikafika pa masambawo imachepetsa liwiro, woyendetsa azimitsa wailesi, wa kabaza atsika n'kukankha njinga, wovala chipewa avula. Palibe wapolisi amene amaima pamenepo, palibe chikwangwani cha boma. Mwini bala wapafupi amatsitsa nyimbo, wachigayo nthawi zina amatseka mpaka anthu abwerere kumanda. Tsiku limenelo kandege koyera kokhala ndi mzere wabuluu kadayamba kuzungulira amayi a mvano atangoyamba nyimbo. Abusa atayamba kulalikira, mawu awo ankamira, iwo n'kukhala chete Baibulo lili m'manja, maso ali pansi, kudikira kuti kadutse. Akati apitirize, afike pakati pa chiganizo, ako kabweranso. Mwini mbumba ataimirira kuti afotokoze za matenda, zidali chimodzimodzi. Kumanda, adzukulu akutsitsa bokosi, mthunzi wake udadutsa pa anthu. Palibe adalankhula pomwepo, koma pobwerera, posamba m'manja, nkhani idali imeneyo yokha.

Apa ndi pomwe ine ndimasiyana ndi onse amene amati nkhaniyi ndi ya madesibelo, muyeso wa kukula kwa phokoso. Phokoso lina lililonse m'mudzi muno lili ndi mwini wake amene tingamupeze. Mpingo ukanyanya, akuluakulu amapita kukaonana ndi abusa. Mwini bala ali ndi dzina, ali ndi mkazi amene timatunga naye madzi pa mjigo, ndipo tsiku lina adzafuna anthu oti amukumbire manda. Kupirira kwathu kudamangidwa pamenepo: lero ndikupirira chinkhoswe chako chifukwa mawa udzapirira changa, ndipo ukadutsa malire ndikudziwa pokupeza. Kandege kalibe khomo loti n'kugogodapo. Woyendetsa wake ali kuseri kwa mpanda wa bwalo la ndege komwe sulowa wopanda tikiti kapena chiphaso, ndipo akatera amakwera galimoto yake kubwerera ku Namiwawa kapena ku Nyambadwe, komwe kuli zii. Sadzasowa kanthu kwa ife. Anthu akamati "tatopa ndi ndege", chomwe akunena n'chakuti pali wina amene akusangalala pamwamba pa mitu yathu ndipo sitingamuuze kanthu.

Nyakwawa yathu idalemba kalata, ndipo patapita nthawi kudabwera anthu awiri ku bwalo la milandu pansi pa mtengo wa mango: bambo wina wa imvi za apo ndi apo, Mmalawi mnzathu wogwira ntchito m'tauni amene amauluka kumapeto kwa sabata, ndi mnyamata amene amaphunzitsa ena kuyendetsa. Ndiwayamikire, adabwera mwaulemu. Adakana mipando poyamba, adaomba m'manja, "Zikomo a mfumu, zikomo makolo athu nonse." Mnyamatayo adatambasula mapu pa mphasa n'kuika miyala m'makona kuti asauluke, akuloza ndi cholembera njira yomwe amadutsa. Adafotokoza kuti amazungulira pa mafiti 1,000 kuchokera pansi, omwe ndi mamita ngati 300, kuti amachita zomwe a mu nsanja yowongolera ndege awauza pa wailesi, ndiponso kuti lamulo loletsa kutsika kupitirira mafiti 1,000 pamwamba pa malo odzaza anthu siligwira ntchito pamene ndege ikunyamuka kapena kutera. Zonsezo n'zoona. Anthu adangomuyang'ana.

Kenaka adapempha kulankhula mng'ono wake wa malemu aja, mayi wa chitenje chakuda, atakhala pansi miyendo atawongola.

"Bambo, tsiku lomwe timaika achemwali anga, inu mudali m'mwambamo?"

"Mwina ndidali ine, mayi. Loweruka ndimauluka."

"Mudationa?"

"Ndidaona anthu ambiri pansi pa mitengo. Sindidadziwe kuti ndi zovuta."

"Mukadadziwa?"

Bamboyo adakhala kaye chete. "Ndikadapita kwina, mayi. Pepani kwambiri."

Ine ndimakhulupirira kuti ankanena zoona. Pa mamita 300 masamba a pamsewu saoneka. Komanso woyendetsa amavala mahedifoni okhuthala otseka makutu, ena mwa iwo opangidwa mwapadera kuti azimeza kulira kwa injini, moti munthu yekhayo m'dera lonse amene samva bwino phokoso la kandegeko ndi amene akulipanga. Mnyamata uja adabweretsa ake, adawapatsa a mfumu kuti ayese. A mfumu adavala, adayang'ana uku ndi uku anthu akuseka, povula adati: "Ndiye mutigulire tonse."

Mfundo yomwe oyendetsa ndege padziko lonse amaikonda ndi yakuti bwalo lidayamba ndilo, nyumba zidabwera pambuyo. Ku Chileka mfundoyi ili ndi mphamvu ndithu. Bwaloli ndi la nthawi ya atsamunda. Ndi pano pomwe Dr Hastings Kamuzu Banda adatera pa 6 July 1958 atakhala kunja zaka zoposa 40, ndipo lidali khomo lalikulu la dziko lino mpaka pomwe bwalo la ku Lumbadzi lidatsegulidwa mu 1983. Nthawi imeneyo pakati pa tauni ndi bwalo la ndege, mtunda wa makilomita pafupifupi 16, padali minda ndi midzi ya patalipatali. Kalembera wa 1966 adapeza anthu ongopitirira 100,000 mu mzinda wa Blantyre. Wa 2018 adapeza pafupifupi 800,000. Anthu onsewo ayenera kugona penapake. Ndirande, Chirimba ndi Machinjiri zitadzaza, tauni idasefukira kudutsa pa Kameza kulowera ku Chatha ndi Ngumbe, ndipo ife ogwira ntchito m'tauni tidathamangira mapoloti otsika mtengo. Tidagula nthawi yomwe bwalo lidali lofooka, makamaka Air Malawi itagwa mu 2013, ndipo palibe wogulitsa adatiuza kuti pamwamba pa poloti pali njira.

Koma mfundoyi imagwira ife obwera okha. Mayi wa chitenje chakuda uja sadagule poloti kwa munthu. Makolo ake ali m'manda omwewo, m'dera la mfumu yaikulu Kuntaja, ndipo ukawafunsa achikulire a kumeneko amati ndege ndiyo idawapeza. Tikayamba kuwerengerana kuti adayamba ndani, mlandu sutha mokomera bwalo la ndege. Ndipo ngakhale kwa ife obwera, kukhala woyamba kumapatsa munthu ufulu wokhalapo, osati ufulu wochita chilichonse nthawi iliyonse. Wachigayo amene adamanga mudzi usanakule salizabe chigayo chake pa nthawi ya maliro.

Maiko ena adadutsamo kale m'zimenezi, ndipo adathana nazo mosiyana. Ku Santa Monica, ku California, anthu okhala pafupi ndi bwalo la ndege zing'onozing'ono adalimbana nalo zaka zambirimbiri m'makhoti, mpaka mu 2017 mzindawo udagwirizana ndi boma kuti bwalolo litha kutsekedwa kumapeto kwa 2028. Kumeneko oyendetsa ndege adaumirira pa lamulo mpaka adataya bwalo lenilenilo. Ku Germany adatenga njira ina. Lamulo lawo la 1999 limati pa mabwalo ang'onoang'ono otanganidwa, ndege zaphokoso zisamazungulire m'mamawa 7 koloko isanakwane, masana pakati pa 1 ndi 3 koloko, ndiponso dzuwa likalowa. Loweruka, Lamulungu ndi pa tchuthi, zisamazungulire 9 koloko isanakwane kapena 1 koloko ikadutsa. Ndege yomwe mwini wake waikonza kuti ichepe phokoso imamasulidwa ku zambiri mwa ziletsozi, choncho amene akufuna kuuluka masana a Lamulungu amalowa m'thumba kugula pulopela yabwino ndi chotsekera phokoso ku ekizozi. Chomwe chimandikopa pa lamulo limeneli n'chakuti silikangana ndi munthu za kukula kwa phokoso. Limangoti pali maola ena omwe ndi a anthu a pansi.

Kuno tili ndi lamulo la za ndege la 2017 ndi lamulo losamalira chilengedwe la chaka chomwecho, lomwe lidakhazikitsa bungwe la MEPA. Koma munthu wa m'mudzi amene mwana wake wakhanda wadzidzimutsidwa kachisanu masana amodzi saganiza za mabungwe. Amapita kwa nyakwawa, ndipo mphamvu ya nyakwawa imathera pa mpanda wa bwalo.

Pali nkhani ina yomwe pa msonkhano uja sidatchulidwe, ndipo ine ndimaiona kuti ndi yaikulu kuposa phokoso. Tindege tambiri ta mtundu umenewu timayendera mafuta otchedwa avgas 100LL, omwe ali ndi mtovu. Petulo wa mtovu wa galimoto adathetsedwa m'maiko a kuno kumwera kwa Sahara pofika mu 2006, ndipo padziko lonse adatheratu mu 2021, chifukwa mtovu umaononga ubongo wa ana. Mu ndege zing'onozing'ono udatsalira. Mu October 2023 bungwe loona za chilengedwe ku America, EPA, lidagamula kuti utsi wa mtovu wochokera mu ndegezi ndi chiopsezo pa umoyo wa anthu. Tindege ta ku Chileka n'tochepa kwambiri poyerekeza ndi mabwalo a kumeneko, ndiye sindikufuna kuopseza munthu. Koma utsi wambiri umatuluka ponyamuka, injini ili pa mphamvu yonse, ndipo pansi pake ndi pomwe amayi ayanika ufa pa mphasa.

Ndisaiwale mantha. Kuyambira pa 10 June 2024, pomwe ndege ya asilikali ya mtundu wa Dornier 228 idagwa m'nkhalango ya Chikangawa n'kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko Saulos Chilima ndi anthu ena asanu ndi atatu, makutu a Amalawi adasintha. Pophunzitsa, mlangizi nthawi zina amachepetsa moto mwadala kuti wophunzira azolowere zochita injini ikazima. Kwa iwo ndi phunziro la tsiku lililonse. Kwa mayi amene akuchapa pansipa, ndi kandege komwe kanali kulira kenaka mwadzidzidzi kakhala chete pamwamba pa nyumba yake. Ndidaonapo mayi woyandikana nane akutaya ndowa n'kuthamangira kukanyamula mwana pakhonde. Mukamuuza kuti zimenezo n'zololedwa, mwamuyankha funso lomwe sadafunse.

Komatu anthu omwewa si odana ndi ndege. Mu March 2023, namondwe Freddy atagumula phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, misewu ya ku Mulanje, Phalombe ndi Nsanje itaduka, mahelikopita ankanyamuka ku Chileka kuyambira m'mawa mpaka madzulo, ena ochokera ku Tanzania ndi ku Zambia. Phokoso lake lidaposa la kandege kakhumi. Palibe adadandaula, anthu ankatuluka m'nyumba kuwayang'ana n'kumati Mulungu awatsogolere. Aliyense ankadziwa komwe akupita ndi chomwe anyamula. Kandege ka Loweruka kamavuta kukakhululukira chifukwa anthu amati ndalama ya ola limodzi m'mwambamo ingadyetse banja mwezi wathunthu, ndipo kakuotcha ndalamayo kuzungulira malo amodzi. Pali kaduka pamenepo, sindikana. Koma kaduka sikachotsa chilungamo cha dandaulo.

Alipo anzathu ena m'mudzi, makamaka ife obwera a mipanda ya njerwa, amene amafuna tindegeti tiletsedwe kotheratu. Ine sindili nawo. Dziko lomwe ana ake ena amapita ku South Africa kapena ku Ethiopia kuti akaphunzire kuyendetsa ndege lisamathamangitse tochepa tomwe lili nato. Ndipo ena mwa anyamata amene amaima pa mpanda kuonerera, zala zitakola waya, mwina ndi okhawo a m'mudzi muno amene adzakwere ndege ali kutsogolo. Za ndege zamagetsi, monga Pipistrel Velis Electro yomwe idavomerezedwa ku Ulaya mu 2020 ndipo imalira pang'ono kwambiri, tisadzinamize: batire yake sikwana ola limodzi, ndipo ndi magetsi athu othimathimawa ingamakhale pansi kudikira limodzi ndi chigayo.

Zomwe zingatheke n'zotsika mtengo. Kuzungulira kungachitike mbali ya msewu wa ndege yomwe kuli nyumba zochepa, ngati a mu nsanja avomereza. Maphunziro ozimitsa moto angakachitikire kutali ndi midzi. Lamulungu m'mawa, mipingo ili mkati, ndi masana a Loweruka, omwe kuno ndi nthawi ya maliro ndi maukwati, munthu wouluka mongosangalala angathe kunyamuka kamodzi, kukaona phiri la Mulanje kapena mtsinje wa Shire, n'kudzatera kamodzi. Palibe chimodzi mwa izi chimene chimafuna Nyumba ya Malamulo.

Pa msonkhano uja tidatulukapo ndi chinthu chimodzi chokha: mnyamata wophunzitsa uja adasiya nambala yake ya foni kwa a mfumu, kuti kukagwa zovuta azimutumizira uthenga pa WhatsApp usiku wake. Zimathandiza iyeyo akakhala ndi amene akuuluka. Akakhala wina, kapena a mfumu akasowa mayunitsi, kandege kamazungulira monga kale, ndipo midzi ina yoyandikana nafe nambalayo ilibe n'komwe. Mgwirizano wonse wakhazikika pa ulemu wa munthu mmodzi, amene tsiku lililonse angapeze ntchito ku kampani ya ndege zikuluzikulu n'kuchoka.

Pakadali pano mapoloti akugulitsidwabe. Munda wa chimanga womwe udali kumapeto kwa mzere wathu, molunjika ndithu pomwe tindege timakhotera, audula magawo, zikhomo zakhomedwa, njerwa zikuwotchedwa. Mnyamata amene amabweretsa ogula amabwera nawo Lachiwiri kapena Lachitatu m'mawa, kumwamba kuli zii, n'kumawaonetsa phiri la Michiru. Banja lina lidandipeza pa geti likufunsa za madzi ndi za akuba. Ndidawayankha zonsezo, kenaka ndidawauza kuti asanapereke ndalama abwerenso Loweruka cha m'ma 2 koloko masana, adzakhale pa polotipo ola limodzi.